Mmene mungatsekere pakamwa anzanu pa nsolo

Ngati mufuna anthu akumvereni pansi pa mtengo wa mango paja, musayambe ndi nkhani za ku Ulaya ayi, yambani ndi zapakhomo pompano. Funsani chabe kuti kodi Chipata kale inali ndi dzina lanji. Akulu adzayankha msanga kuti Fort Jameson, ndiye inu muwonjezere kuti tauni yomweyi inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, apa ndiye achinyamata amayamba kuyang'anana.

Osakhuthula zonse nthawi imodzi, dikirani wina ayambe kutsutsa kaye. Akatchula za Nc'wala ku Mtenguleni mponyereni iyi: Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 tsiku lomwe kunachita kadamsana, dzuwa linada masana, ndipo chifukwa cha kadamsanayo ndiye akatswiri anatha kuwerengera tsiku lenileni. Ine iyi ndimaikonda kwambiri, imagwira ngakhale madala ovuta aja.

Ya malamulo muisamale pokamba chifukwa ena amapsa nayo mtima. Mu Zambia muno kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la Witchcraft Act, woloza ndiye angathe kumangidwa. Ikambeni moseka, osayang'ana munthu.

Zikafika poti anthu atopa sinthani mupite ku nyama, auzeni kuti nyamalikiti za mtundu wa Thornicroft zimapezeka ku chigwa cha Luangwa chokha basi, ndipo mvuu imatulutsa madzi ofiira pakhungu oiteteza ku dzuwa, si magazi ayi. Wina akati mwanama, muuzeni atsegule foni aone yekha, bundle agule yekhanso.