Mmene mungatolere mbiri ya agogo anu amene anapita ku nkhondo ya ku Burma

Chaka chatha banja lathu linagwirizana zomanga chiliza cha agogo aamuna ku Katete, ndipo ine poti ndimakhala ku Lusaka anangoti ndiwe wasukulu, ulembe mbiri yokawerenga pamwambo. Ndinkaona ngati ndi ntchito ya Loweruka limodzi koma inandidyera miyezi itatu. Ndiye ndati ndikuuzeniko mmene ndinayendera, mwina nanunso muli ndi agogo amene anamenya nawo nkhondo ija ya 1939 mpaka 1945 koma zomwe mukudziwa ndi zoti "anapita ku Burma" basi.

Yambani ndi sutikesi. Pabanja pamakhala munthu mmodzi wosunga zinthu, kwathu ndi azakhali, ndipo kunsi kwa bedi lawo kunali sutikesi yachitsulo, mkati muli mamendulo atatu okulunga pakansalu, chithunzi chimodzi ndi kabuku komwe anawapatsa potuluka usilikali. Chomwe mukufuna kwenikweni ndi nambala yawo ya usilikali. Dzina lokha silikuthandizani, azungu ankalemba mmene khutu lawo lamvera, komanso a Phiri ndi a Banda kummawa kuja mungawawerenge inu? Jambulani tsamba lililonse pafoni pompo musanachite china. Ndipo chonde musakamatitse mapepalawo mupulasitiki, msuweni wanga anatenga pepala limodzi kupita nalo pakashopu kena m'tauni ati alisunge bwino, makina otentha aja anadetsa inki yonse moti deti silikuwerengekanso mpaka lero.

Mamendulo ambiri a nkhondo imeneyi sanalembedwe dzina ndiye musavutike kuwatembenuza, yang'anani kansalu kake. Ngati pakati ndi pofiira ndipo m'mbali muli buluu wakuda ndi olenji, imeneyo ndi Burma Star. Ngati kansaluko ndi kamtundu wa mchenga, mzere wofiira pakati, ndi Africa Star, ndiye kuti anamenyera konkuno ku Africa. Asilikali akwathu kuno ambiri anali a Northern Rhodesia Regiment, a ku Nyasaland anali a King's African Rifles. Mu 1940 anakumana ndi Ataliyana pa Tug Argan ku Somaliland, ena anapita ku Madagascar, ndipo mu 1944 anali m'nkhalango za Burma kulimbana ndi Ajapani. Ine ndakwera minibasi pa Burma Road zaka zonsezi osaganizako kuti dzinali likukamba za agogo anga omwe. Arakan Barracks kuno, Chindwin ku Kabwe, Tug Argan ku Ndola, Gondar ku Chipata, onsewo ndi mayina a malo a nkhondo yomweyo.

Ku National Archives, kosungirako mapepala akale a boma, pa Government Road ku Ridgeway pitaniko mutanyamula nambala ija, dzina la mudzi, la mfumu ndi la boma, ndipo kumbukirani kuti m'mapepala akale Chipata ndi Fort Jameson.

Koma ntchito yeniyeni ili kumudzi, kwerani basi pa Intercity. Apa ndi pamene ndinalakwitsa poyamba. Ndinakhala pamphasa n'kuyatsa foni n'kuti, "Azakhali, agogo ankati chiyani za nkhondo?" Iwo anangoti, "Mwanawe, atate sankakamba zimenezo," nkhani yathera pomwepo. Mawa lake tikutongola chimanga ndinafunsa zoti ankakonda ndiwo yanji, eee nkhani zinangokhuthuka. Ati mpunga sankaufuna n'komwe, ankati anadya wokwanira moyo wonse. Ati mvula ikamagunda usiku ankadzuka n'kukakhala pakhonde mpaka kucha, ndipo agogo aakazi ankaletsa ana kuwafunsa. Ati nsapato zawo ankapukuta okha Loweruka lililonse madzulo, mwana akazikhudza ndi mlandu. Ndiye funsani tinthu tating'onoting'ono, manja ali pantchito, foni ili pambali ikujambula mawu mutawapempha kaye. Muonetsetsenso kuti mufoni muli malo, yanga inadzadza nkhani ili pakati.

Mukachoka pabanja pitani paboma. Agogo kunkhondo anakhalako zaka zinayi, pa Katete anakhalapo zaka zoposa makumi asanu, ndipo anthu kumeneko sakuwakumbukira ngati msilikali ayi. Mkulu wina wa mpingo anandiuza kuti ndi iwo ankasunga ndalama za chopereka m'kachitini ka tiyi ndipo sipanasowepo ngakhale ngwee imodzi. Agogo ena aakazi pamsika anati atelala aja? amene ankasokera pakhonde la sitolo? ndiwo ankatilembera makalata opita kwa amuna athu kumigodi, ndipo zomwe tawauza sizinkamveka kwina. Zimenezi simungazipeze mu ofesi iliyonse. Funsani anthu atatu kapena anayi amene si abale, makamaka azimayi achikulire, amakumbukira zomwe amuna anaiwala kalekale.

Polemba musapitirire masamba awiri, anthu amakhala ali padzuwa kumanda ndipo nsima ikuwadikira. Zankhondo ndime imodzi yakwana, gulu lawo, kumene anapita, chaka chomwe anabwerera. Zotsalazo zikhale za pamudzi. Amalume ankafuna ndilembe kuti agogo anapha adani ambirimbiri ndi manja, ndinawauza mwaulemu kuti amalume, zimenezo palibe anazimva pakamwa pawo, tinakanganako pang'ono koma sindinalembe. Zomwe ndinalembamo ndi dandaulo la agogo loti anabwerako ndi jasi ndi mamendulo koma zomwe ankayembekezera sanazione, poti limenelo ankalinena okha kawirikawiri akakhala pamakina.

Mukamaliza tumizani pagulu la WhatsApp la banja kudakali milungu iwiri kuti okonza akonze, kenako muwerenge mokweza kwa munthu wamkulu mmodzi, pomwe wakwinya nkhope pali cholakwika. Ngati muli kuno mu Novembala, Lamlungu loyandikira pa 11 kumakhala mwambo wokumbukira asilikali pachipilala cha Cenotaph mu Independence Avenue, tengani ana akaoneko.

Pamwala ife tinalembetsa dzina, zaka, nambala ya usilikali ndi mawu oti "Telala wa pa Katete". Nambalayo muimirire pomwepo mmisiri akamaisema, wathu anatembenuza manambala awiri ndipo tinalipira kawiri.