Mmene ndinaletsera foni kumeza data usiku

Foni ya Android imene ndinagula kwa munthu kuno ku Johannesburg inkamaliza bandulo ine ndili mtulo, zotsatsa malonda n'kumangotulukira zokha. Kuzimitsa background data (data imene mapulogalamu amadya inu musakuwagwiritsa ntchito) sikunathandize kwenikweni, ndipo mapulogalamu ena obwera ndi foniyo sachotseka.

Ndinaika F-Droid, pulogalamu yopezeramo mapulogalamu ena ngati Play Store, kuchokera pa f-droid.org, kenako NetGuard, pulogalamu yoletsa mapulogalamu ena kulowa pa intaneti. Zonsezi n'zaulere, ndipo sizifuna root (kuthyola maloko a Android). NetGuard ikapempha chilolezo cha VPN (njira yapadera yodutsitsira intaneti ya foni), vomerani. Imagwirira ntchito m'foni momwemo, situmiza zanu kwina.

Pagona nkhani ndi apa: mu NetGuard, tsekerani intaneti mapulogalamu onse, pa Wi-Fi ndi pa data pomwe, kenako muzitsegula imodziimodzi, WhatsApp, ya banki, yotumizira ndalama kumudzi. Nanga tochi intaneti ndi ya chiyani? Koma Google Play services, pulogalamu ya Google yothandiza mapulogalamu ena m'foni, musaitseke, mauthenga amachedwa kufika. VPN ina siyendera limodzi ndi NetGuard.