Mmene mungamuzindikirire mulungu wa nthaka ndi zokolola mu nthano zakale

Mukamawerenga nthano za anthu akale maina a milungu amachuluka mpaka mutu kuzungulira, koma wa nthaka ndi mbewu savuta kumugwira mukadziwa poyang'ana.

Yambani ndi chithunzi kapena chiboliboli chake, onani wanyamula chani. Demeter wa Agiriki amagwira ngala za tirigu, mnzake wa Aroma Ceres chimodzimodzi. Osiris wa ku Egypt kawirikawiri ankamujambula khungu lobiriwira ngati mmera, ndipo m'manda a Tutankhamun omwe anawapeza mu 1922 munali thabwa losemedwa ngati Osiris yemweyo, lodzaza dothi lomwe anafesamo mbewu.

Kenako fufuzani amene akusowa mu nkhaniyo, apa ndi pamene pagona nkhani. Persephone, mwana wa Demeter, anabedwa ndi Hades kupita naye kudziko la akufa, mayi ake chifukwa cha chisoni anangosiya nthaka osabereka kalikonse mpaka anthu kuyamba kufa ndi njala, ndiye Zeus, mfumu ya milungu, analowererapo kuti mwana abwerere koma poti anali atadya kale njere za makangaza kumeneko, chaka chilichonse amayenera kubwererako kwa miyezi ingapo. Mbewu kukwiriridwa, kusowa, kenako kumera, ndi zomwezotu. Dumuzi wa ku Mesopotamia nayenso ankatsikira kwa akufa ndipo anthu ankamulira nthawi yotentha udzu ukauma. Ndi Tamuzi uja amayi akumulira pa Ezekieli 8:14, mwina munawerengapo osadziwa kuti ndi iyeyo.

Chachitatu, kalendala. Mwambo wake umachitika liti? Ku mapiri a Andes ku South America, Pachamama, mayi wa nthaka, amamupatsa nsembe mu Ogasiti asanayambe kudzala, amakumba dzenje nkukwiriramo chakudya ndi masamba a chomera chotchedwa koka. Aakani ambiri a ku Ghana mwa mwambo wawo Lachinayi salima, ndi tsiku la Asase Yaa, mulungu wawo wa nthaka, kuti nthaka ipume.

Koma musathamangire kunena kuti nthaka ndi mayi paliponse ayi. Ku Egypt nthaka ndi mwamuna, Geb, thambo ndiye mkazi, Nut. Nchifukwa chake ine ndimati musanamalize, onani kaye madzi a dzikolo amachokera kuti, poti Aigupto minda yawo inkadalira kusefukira kwa Nile osati mvula yochokera kuthambo.

Chinanso, osawaika onse m'thumba limodzi. Katswiri wa zikhulupiriro zakale James Frazer mu 1890 anayesa zimenezo, kuwatcha onse milungu yofa nkuuka, ndipo akatswiri ambiri pambuyo pake anamutsutsa. Osiris mwachitsanzo sanabwerere kudzakhala ndi amoyo, anakakhala mfumu ya akufa komweko, pamene Persephone amapita nkubwera. Ndiye mukapeza awiri ofanana, lembani pomwe akusiyana musanawatche pachibale.