Momwe mungatchingire chisoti chotsanzira kuti mizere ya penti ituluke yowongoka

Amene amapanga zisoti zotsanzira za m'mafilimu kapena za zisudzo amadziwa kuti ntchito imawonongekera pa timizere tating'ono. Penti amalowa kunsi kwa tepi, mzere n'kutuluka ngati wadyedwa ndi mbewa. Kawirikawiri vuto limakhala katchingidwe.

Yambani ndi kukwecha chisoti ndi sandipepa wa nambala 400, kenako wosalalirapo wa 600. Poperani primer, penti woyambira amene amathandiza kuti penti winayo agwire, ndiye mtundu wapansi. Mitundu yowala iyambe, yakuda ibwere pambuyo. Musamate tepi tsiku lomwelo. Dikirani maola 24, apo ayi tepi idzanyamula penti yense.

Tepi yapepala ya m'mahadiweya ndi yophimbira malo aakulu basi. M'mphepete mwa mzere mumafunika yopyapyala, monga ya kampani ya Tamiya ya mamilimita 6, ndipo pokhota mumafunika yapulasitiki ya mamilimita 2 kapena 3, yomwe imapinda osachita makwinya. Zikasowa, matani tepi wamba pagalasi, muidule timizere ndi rula ndi lezala latsopano. Galasilo limachepetsanso ukali wa guluu.

Mukamata, tsindirani m'mphepete monse ndi chikhadabo kapena kamtengo kosalala. Apa ndiye pagona nkhani: musanapopere mtundu watsopano, poperani kaye pang'ono mtundu wapansi womwe uja m'mphepete mwa tepi. Ngati pali kampata, katsekedwa ndi penti wofanana ndi wapansiyo, ndipo palibe adzaone. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi chifukwa cha changu, koma kwa ine ndi yofunika kuposa mtengo wa tepi. Ukauma, bwerani ndi mtundu watsopano, mopyapyala, kawiri kapena katatu, chitini cha penti chili pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30. Musaloze chitini kunsi kwa tepi. Galasi la kumaso la chisoticho liphimbeni kunja ndi mkati momwe.

Mukafuna kuti chisoti chioneke chokalika ngati cha kunkhondo, pansi pakhale siliva. Dontheserani mankhwala otsukira mano kapena Maskol (mankhwala amadzimadzi otchingira penti) m'makona ndi m'malo ogundagunda, poperani mtundu wapamwamba, ndipo penti akauma pukutani. Siliva atulukira ngati chitsulo.

Chotsani tepi penti atangouma pamwamba koma asanalimbe, pang'onopang'ono, mukuikokera chakumbuyo motalikira mzere. Penti akakhala atalimba kale, yambani mwadutsa lezala m'mphepete mopepuka. Vanishi abwere tsiku lotsatira.