Mmene ndinathetsera kupweteka kwa maondo pa njinga

Maondo ankandipweteka kutsogolo kwake nthawi zonse ndikamakwera chitunda chopita ku Zomba Plateau, ndipo matako ankachita dzanzi. Ndinayesa kupaka mankhwala, ndinaikanso chishalo chachikulu chofewa, koma ululu unkangobwerera.

Vuto linali lakuti chishalo chinali chotsika kwambiri. Kuti mudziwe pomwe chishalo chiyenera kufika, yesani chonchi: tsamiritsani njinga kukhoma, khalani pachishalo, ikani chidendene pa pedulo itafika pansi penipeni. Mwendo uwongoke bwinobwino, chiuno osapendekeka. Mukaponda ndi kutsogolo kwa phazi monga mwa nthawi zonse, bondo lizipindika pang'ono chabe. Ine ndinkakweza pang'onopang'ono ndi sipanala, n'kumata tepi pachitsulo cha chishalo kuti ndisataye malo ake. Sindinalipire kanthu.

Kenako ndinazolowera kupepuza magiya chitunda chisanayambe, n'kumapalasa mofulumira osati mwamphamvu. Kabudula wasiponji woteteza matako ndinamupeza pa kaunjika.

Kupweteka kwina sindikuthawa ayi. Ntchafu zikamatentha, mpweya n'kumabanika pachitunda, ndimalimbikira, chifukwa ndikapuma zimatha ndipo miyendo imakhwima. Koma mukamva ululu wobaya m'bondo kapena dzanzi losatha, tsikani muonenso chishalo. Zikapitirira pitani kuchipatala.