Nkhani imene inakanidwa pa malamulo a REF 2021

Ku Britain, REF 2021 (ndondomeko younika kafukufuku wa mayunivesite) inkafuna kuti nkhani ya m'jenala imene yavomerezedwa kuyambira 1 Epulo 2018 iikidwe mu repository (nkhokwe ya zolemba ya pa intaneti) ya yunivesite pasanathe miyezi itatu chivomerezedwereni. Nkhani yathu titaiika mu repository, inakanidwa pa zifukwa ziwiri: tinaika PDF ya osindikiza, komanso tinalemba tsiku lotulukira m'malo mwa tsiku lovomerezedwa.

Pokonza zimenezi, ndinayamba ndi imelo ya mkonzi wa jenala yonena kuti nkhani yalandiridwa, poti tsiku lovomerezeka ndi limenelo. Kenako ndinafufuza Author Accepted Manuscript, kope la Word limene lili ndi zonse zimene owunika anapempha koma osindikiza asanalikonze masamba. Ambiri amalitaya, ndipo apa ndiye pamagona vuto lonse. Ine ndinalipeza kwa mlembi mnzathu amene analitumiza ku jenala.

Pa Sherpa Romeo, tsamba la pa intaneti limene linkasonyeza malamulo a majenala, ndinaona kuti jenala imatseka nkhani miyezi 12, kutanthauza kuti anthu sangaiwerenge mu repository nthawiyo isanathe. Zimenezi zinali zololedwa, chifukwa m'magulu anayi a maphunziro a REF 2021, Panel A ndi B malire ake anali miyezi 12, pamene C ndi D anali 24. Ndinachotsa PDF ija, ndinaika kopelo motsekedwa, tsiku ndinakonza. Pa malamulo a REF 2021, fayilo yotsekedwa inkawerengedwa kuti yaikidwa, bola mutu ndi mayina a olemba zizioneka pa intaneti.