Kalembedwe ka chimangirizo cha mtsutso m'Chingerezi pa mayeso a Fomu 4

Funso likabwera lakuti "Charcoal burning should be banned. Do you agree?", ophunzira ambiri amayamba kufotokoza kuti makala n'chiyani ndiponso amawotchedwa bwanji. Tsamba limatha, wochonga osadziwabe ngati wolembayo akuvomera kapena akukana. Malikisi amayambira pamenepo kutayika. Ndipo Chingerezi si phunziro loseweretsa: ukapeza 9 pa mayeso a MSCE, a MANEB sakupatsa satifiketi ngakhale utakhoza bwino masamu ndi sayansi.

Chimangirizo cha mtsutso chili ngati mlandu wa pabwalo kwa amfumu. Mumaima mbali imodzi, n'kupereka zifukwa ndi umboni, kenako n'kuyankha zomwe anzanu a mbali inayo anganene. Mtsutsowu umatha kubisala m'funso la kalata yopita kwa mkonzi wa nyuzipepala kapena la mawu oyankhula pamsonkhano, koma mafupa ake ndi omwewo.

Musanalembe chiganizo chilichonse, patulani mphindi 5. Dulani mzere kunsi kwa mawu amene anyamula funso. M'chitsanzo chathu mawuwo ndi "banned", kutanthauza kuti nkhani ndi yoletsa, osati ya kuipa kwa makala kokha. Kenako lembani mfundo za mbali zonse ziwiri, mawu awiri kapena atatu pa mfundo iliyonse. Sankhani mbali imene muli nayo umboni wambiri, ngakhale isakhale ya kumtima kwanu. Wochonga safufuza chikhulupiriro chanu ayi, akuona ngati mungateteze mfundo m'Chingerezi chomveka. Mfundo zitatu zonenepa zimaposa zisanu ndi ziwiri zowonda.

Malangizo a pepala amanena kutalika kwake, kawirikawiri mawu 350 mpaka 500. Gawani motere: chiyambi mawu 50, ndime zitatu za mfundo zanu mawu pafupifupi 90 iliyonse, ndime yoyankha otsutsa mawu 70, mathero mawu 40. Zonse zikukwana 430. Musataye nthawi kuwerenga liwu limodzilimodzi m'chipinda cha mayeso. Dziwiranitu kunyumba kuti dzanja lanu limalemba mawu angati pamzere umodzi. Ngati ndi 9, mizere 48 yakwana.

Chiyambi chikhale cha ziganizo ziwiri kapena zitatu, ndipo chomaliza chinene poyera mbali yanu ndi zifukwa zake: "Charcoal burning should be banned because it dries up streams, exposes gardens to erosion and brings only short-lived income." Chiganizo chimenechi ndiye mzati wa nyumba yonse. Ndime iliyonse yotsatira itenge chifukwa chimodzi mwa zitatuzo, m'ndondomeko yomweyo.

Ntchito yeniyeni ili m'thunthu. Ndime yabwino imayamba ndi mfundo, imafotokoza chifukwa chake mfundoyo ili yoona, imapereka chitsanzo, kenako imabwerera ku funso. Ambiri amadumpha gawo lachiwiri. Amalemba kuti "Charcoal burning causes soil erosion", basi n'kuthamangira mfundo ina. Nanga kukokoloka kwa nthaka kukubwera bwanji? Onetsani njira yake: mitengo ikadulidwa m'phiri, palibe masamba otchinga mvula kapena mizu yogwira dothi, madzi amatsika mwaliwiro, amatenga nthaka ya chonde pamodzi ndi fetereza amene mlimi wagula modula, zokolola n'kuchepa. Mzere umenewo wa "izi zimabweretsa izi" ndi umene umasiyanitsa wokhoza ndi wongopulumuka.

Pa chitsanzo, musapite kutali. Mwana wa ku Bembeke kapena ku Tsangano waona ndi maso ake matumba a makala atandandalikidwa m'mbali mwa msewu wa M1, waona zigwembe m'minda ya m'mapiri, akudziwa mitsinje imene imaphwa msanga chilimwe chikafika. Umenewo ndi umboni wokwanira. Chimene chimaononga ndi manambala opeka, monga "Research shows that 90 percent of people...". Kafukufuku wake uti? Wochonga wawerengapo zoterezi kambirimbiri ndipo sazikhulupirira. Bola kusunga m'mutu mfundo zochepa zoona zimene zimagwira pa mitu yambiri: maphunziro aulere a ku pulayimale anayamba mu 1994, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Mutu ukakhala wa maukwati a ana, ntchito imene Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inagwira pothetsa maukwati otere n'kubwezera atsikana kusukulu ndi chitsanzo cha pakhomo pomwe.

Ndime yoyankha otsutsa ndi imene ophunzira amaiopa, poganiza kuti akatchula maganizo a mbali ina adzigwetsa okha. Sichoncho. Atchuleni mwachidule, kenako muwayankhe motalikirapo: "Some people argue that charcoal is the only source of income for poor families. However, a tree is sold once, while a potato garden or a beehive pays every year." Mukatero mutha kutchula alimi amene amagulitsa kachewere, kabichi ndi tomato pamsika wa Lizulu. Chenjerani apa: mukapereka mfundo ya otsutsa osaiyankha, mwawagoletsera chigoli. Komanso musanyoze. Kulemba kuti owotcha makala ndi mbuli si mfundo, ndi chipongwe.

Mathero ndi achidule. Bwerezani mbali yanu m'mawu ena, nenani chimene chiyenera kuchitika, lekani. Mfundo yatsopano isalowemo.

Mawu olumikizira monga "firstly", "in addition", "however", "therefore" ndi othandiza, koma lililonse lili ndi ntchito yake. "However" amatembenuza nkhani, "therefore" amabweretsa zotsatira. Kuwamwaza ngati mchere pa chiganizo chilichonse kumangoonetsa kuti mwaloweza mndandanda.

Siyani mphindi 5 zomaliza kuti musake zolakwika, makamaka zimene Chichewa chathu chimatikokera. Ife timati "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, n'chifukwa chake "he" ndi "she" amasinthana pakati pa ndime. Kwa ife l ndi r sasintha tanthauzo, koma m'Chingerezi "pray" si "play", ndipo "grass" si "glass". Timati "anthu amadula", mneni atanyamula kale mwininkhani, ndiye dzanja limalemba "people they cut" m'malo mwa "people cut". Tilibe "a" ndi "the", choncho timawaiwala. Onaninso izi: "discuss about" ndi "can be able" n'zolakwika, "although" sayendera limodzi ndi "but" m'chiganizo chimodzi, ndipo "advice", "information" ndi "equipment" salandira s. Zidule za pa WhatsApp monga "u" ndi "coz" zisaonekemo n'komwe, ndipo lembani "do not" osati "don't". Chiganizo chikadutsa mizere itatu, chiduleni pawiri, chifukwa nthawi ya mneni imasokonekera m'ziganizo zazitali zomangidwa ndi mipatuliro (ma "comma") yokhayokha.

Pokonzekera, tengani mutu umodzi pa sabata, monga wa mafoni kusukulu, yunifolomu, kapena ana a sukulu kupalasa kabaza. Lembani mbali yovomera Lolemba, yokana Lachinayi, mukuyang'ana wotchi. Kenako sinthanani makope ndi mnzanu, aliyense adule mzere kunsi kwa chiganizo choyamba cha ndime iliyonse. Ziganizo zodulidwa mzerezo muziwerenge motsatizana. Zikapanda kupereka mtsutso wonse pazokha, ndime imene yasochera mwaipeza, ndipo ndi yomweyo yoti muilembenso.